Nthambi yakoyako kapena joint venture, pa zamagetsi yochita bwino ndi iti?

Tiyamike92:
Moni nonse. Ndikulemba pepala la kusukulu pa makampani opanga mafoni, ma TV ndi ma chip (tizipangizo ting'onoting'ono tomwe ndi ubongo wa zida zamagetsi) ndiye pali funso landiimitsa mutu. Kampani ikafuna kukula imatha kutsegula nthambi yoti masheya onse ndi ake, kapena kusonkherana ndi kampani ina nkupanga joint venture. Pa phindu ndi kukhalitsa, imapita patali ndi iti? Ine ndikuona ngati ma joint venture amangotha, onani Sony Ericsson, inayamba 2001 theka theka koma 2012 Sony inagula gawo la Ericsson. Ndilembe kuti nthambi yakoyako ndiye yabwino?

AkawuntiWakale:
Achemwali musathamangire kulemba choncho. Vuto loyamba ndi manambala enieniwo. Phindu la nthambi yomwe kampani yayikulu ili nayo yonse silinena zoona zonse ayi, chifukwa likulu ndi lomwe limasankha mtengo womwe nthambi igulire zipangizo kwa nthambi inzake, ndiye ngati msonkho wadziko lina uli wokwera atha kukonza mitengoyo mwakuti phindu lionekere kwina, fakitale yogwira ntchito bwinobwino nkumaoneka ngati ikungopuma pang'ono pang'ono. Mu joint venture zimenezo nzovutirapo poti mnzako wamasheya uja amayang'anitsitsa mabuku, sangalole kuti phindu lake lisamutsidwe. Ndiye mukaika manambala awiriwa pambali ndi pambali simukufananitsa zinthu zofanana.

Mlangizi_B:
Ndionjezerepo pa za kuthako. Joint venture ikatha sikuti yalephera nthawi zonse. Samsung ndi Sony anapanga S-LCD mu 2004 kuti azipanga masikirini a ma TV, Sony inkafuna masikirini odalirika osamanga fakitale yokha, Samsung inkafuna kasitomala wamkulu wotsimikizika. Kumapeto kwa 2011 Sony inagwirizana zogulitsa gawo lake kwa Samsung chifukwa masikirini anali atatchipa pamsika ndipo ma TV a Sony ankaluza ndalama, kunali bwino kumangogula kulikonse. Ntchito yomwe anayipangira inali itatha basi. LG.Philips LCD ya 1999 nayonso Philips anatulukamo koma kampaniyo ilipo mpaka lero, ndi LG Display imeneyi.

Ndipo pa ma chip nkhani imasinthiratu chifukwa fakitale imodzi yamakono imadya madola mabiliyoni ambirimbiri ndipo makina ake amakalamba msanga, ukapanda kuidzaza ndi maoda umaluza tsiku lililonse. Toshiba ndi SanDisk akhala akugawana ndalama ndi zotuluka za mafakitale a flash memory (ma chip osungira zinthu m'mafoni ndi makompyuta) ku Yokkaichi ku Japan kwa zaka zoposa 20, mayina asintha, mbali ya Toshiba pano ndi Kioxia, koma mgwirizano ukupitabe. Imeneyo muiike pati pa mfundo yanu ija?

Zamagetsi_Dan:
Ine ndili mbali ya Tiyamike pang'ono. Pa zamagetsi chimene chimapha kampani ndi kuchedwa kupanga chiganizo. Sony Ericsson mu 2007 inagulitsa mafoni oposa 100 miliyoni, chaka chomwecho iPhone inatuluka, pofika 2009 inali ikuluza kwambiri. Mabwana awiri, Ericsson mtima uli pa manetiweki Sony pa nyimbo ndi makamera, chilichonse chachikulu mpaka bodi igwirizane, pamene msika wa mafoni sudikira munthu. Kuonjezera apo pali nkhani ya ulamuliro ndi zinsinsi za luso. Arm, kampani yojambula mapulani a ma chip, inagulitsa 51% ya bizinesi yake ya ku China mu 2018, mu 2020 bodi inachotsa mkulu wa Arm China koma iye anakana kuchoka atagwira chidindo cha kampani, nkhaniyo inakokana mpaka 2022. Kunthambi yakoyako zimenezo zikanatha sabata imodzi. Onaninso Samsung ku Vietnam, mafakitale a ku Bac Ninh ndi Thai Nguyen ndi akeake ndipo amapanga gawo lalikulu la mafoni ake. Joint venture ina siyinayambe nkomwe, Foxconn ya ku Taiwan inatuluka mu mgwirizano ndi Vedanta ya ku India womanga fakitale ya ma chip ku India mu 2023.

Tiyamike92:
Zikomo kwambiri akuluakulu, maso atseguka. Koma ndiye ndifananitse bwanji kuti aphunzitsi asati ndangotola zitsanzo zondikomera?

Mlangizi_B:
Tengani kampani imodzi yomwe ikuchita zonse ziwiri. TSMC, kampani yopanga ma chip ya ku Taiwan, ndi yabwino pamenepo, ku Arizona ku America nthambi ndi yakeyake, ku Kumamoto ku Japan fakitale yomwe inatsegulidwa mu 2024 ili ndi Sony, Denso ndi Toyota mkati, ku Dresden ku Germany TSMC ili ndi 70% ndipo Bosch, Infineon ndi NXP 10% aliyense. Anzake aku Japan ndi ku Ulaya aja ndi omwenso amagula ma chip, ndiye maoda alipo kale fakitale isanathe. Yang'anani nthawi yomwe inatenga kuti ayambe kupanga, kuchuluka kwa ma chip abwino pa zonse zotuluka, ndi thandizo la boma lomwe aliyense analandira, phindu muliike pambuyo poti AkawuntiWakale anena kale vuto lake.