Kodi mtchona ankakhala ndani kwenikweni?

Akuluakulu, ndithandizeni pa mawu akuti mtchona, akachuluka matchona. Masiku ano achinyamata amangoti "uja anatchona ku Joni" ngakhale munthuyo akutumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Sindikukhulupirira kuti makolo ankawaponya mopepuka chonchi.

Chandifunsitsa ndi lipoti la komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa mu 1935, wapampando wake Travers Lacey. Malonda anali atagwa padziko lonse kuyambira 1929, fodya ndi thonje zinalibe mtengo, koma msonkho wa nyumba sunaleke, ndiye amuna ankangouyamba wapansi wa ku Southern Rhodesia ndi kumigodi ya ku South Africa. Komitiyo inati anthu pafupifupi 120,000 anali kunja, m'dziko limene kalembera wa 1931 anapeza anthu pafupifupi 1.6 miliyoni. Osabwererawo azungu ankawalemba ndi mawu athu omwewa, machona. Boma linkawerenga amene akusowa pa msonkho, nanga kumudzi ankagamula ndani kuti uyu tsopano ndi mtchona? Pakapita zaka zingati?

Yankho

Achimwene, kwathu ku Ntcheu agogo ankanena kuti zaka sizinkawerengedwa. Munthu akamalemba kalata, akamapatsira mnzake wobwerera bulangete kapena ndalama ya msonkho, ankati ali kuulendo, ngakhale pathe zaka khumi. Utchona unkayamba akati zii, osamvekanso, kawirikawiri atakwatira komweko. Amene ankawamva kuwawa mawuwa ndi mkazi wotsala: wamasiye ayi, wapabanja ayi, munda alime yekha, denga likudontha, mpaka ankhoswe akhale pansi kuti amumasule. Ndiye mawuwa anali mlandu ndithu. Lipoti likangoti "osabwerera" lasiya mbali yaikulu ya nkhaniyo.

Yankho

Ndiwonjezereko. M'Chizulu ukushona ndi kulowa kwa dzuwa, kumira, komanso kumwalira. Ine ndimaona kuti mawuwa ndi pachibale, kaya anabwera ndi Angoni kaya ndi obwerera kumigodi. Ngati zili choncho, kutchula wamoyo kuti mtchona kunali ngati kumulira maliro. Funso langa lipite kwa anzathu obadwira ku Zimbabwe, ku Mbare mumzinda wa Harare ndi ku Bulawayo, amene agogo awo anachokera kuno: kumeneko akuluakuluwo ankavomera kutchedwa matchona, kapena linali dzina lowapatsa a kumudzi okha?