Koleji ya za nthaka, nyanja ndi nyengo ku Oregon, Mmalawi akatengako chani?

Nachisale_wa_Luchenza

Moni nonse, ndili ndi funso koma musandiseke chonde. Ndinamaliza digiri ya earth sciences chaka chatha, panopa ndili pakhomo basi, timaganyu tojambula mamapu apo ndi apo. Ndiye mnzanga wina wanditumizira linki ya koleji ina ya ku Oregon State University ku America, dzina lake College of Earth, Ocean, and Atmospheric Sciences, amangoti CEOAS, ndawerenga mpaka bandulo kutha ndipo mtima wanga wapita ndithu, ndikufuna ndikapange masters kumeneko. Vuto ndi loti nditawauza bambo anga anangoseka nkuti iwe kuno kulibe nyanja ya mchere, ukakaphunzira zimenezo udzagwira ntchito kuti, ku Beira? Ndinasowa choyankha. Alipo amene akuidziwa sukuluyi? Ndipo zoona ndi za nyanja zokhazokha kapena dzina likungondiwopseza?

Madala_aku_Portland

Achemwali, bambo anuwo ndi anthabwala kkkk koma ayi si za nyanja zokha. Koleji imeneyi inapangidwa mu 2011 ataphatikiza koleji ya za nyanja ndi mlengalenga ndi dipatimenti ya geosciences, ndiye muli a miyala, a geography ndi mamapu anu omwewo, a zanyengo, onse denga limodzi. Komanso chodabwitsa sukuluyo siili kunyanja, ili ku Corvallis, katawuni kamkati kozunguliridwa ndi minda, kuti mukafike kunyanja ndi ola lathunthu pagalimoto kudutsa mapiri mpaka ku Newport, kumeneko ndi kumene kuli Hatfield Marine Science Center ndi doko la sitima zawo za kafukufuku.

Ine si wa sayansi, ndimagwira zachipatala, koma ndinaperekezako mwana wa mnzanga. Chimene chinandizizimutsa ndi nyumba yosungiramo matope. Inde matope. Amakumba pansi pa nyanja ndi mapaipi aatali, nkuwang'amba pakati ngati nsungwi, nkusanja m'mashelefu m'chipinda chozizira ngati mochale, ena anachokera ku Antarctica. Mtsikana amene ankationetsa analoza kamzere kotuwa kochepa ngati chala nkuti ili ndi phulusa la phiri limene linaphulika zaka masauzande zapitazo, ine nkumangoti eeh anthu amadyera matope ndithu.

Konzekerani mvula. Osati yathu ija yogwa ndi mabingu nkusiya ayi, kuno ndi yamawawa kuyambira cha mu October mpaka May, kumwamba kuli bii, ngati chiperoni chosatha. Poti ndinu a ku Luchenza mwina simudzavutika.

Wazanyengo265

Ine ndiyankhe za bambowo chifukwa funso lawo ndi limene anthu ambiri amafunsa. Muwafunse kuti Freddy anachokera kuti. Namondwe ameneyu anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023, nkuwoloka Indian Ocean yonse, kumenya Madagascar, kumenya Mozambique, kubwereranso kunyanja kukatenga mphamvu pamadzi ofunda a mu Mozambique Channel, nkudzalowanso cha ku Quelimane, kenako zija tinaziona ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March. Masiku 36 ali moyo, palibe namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa chonchi. Mafuta ake anali chani? Madzi ofunda a m'nyanja ya mchere yomwe tikuti ilibe nafe ntchitoyo.

Chilala cha 2015/16 ndi cha 2023/24 chimodzimodzi, El Niño, madzi akatentha ku Pacific uko pafupi ndi Peru chimanga chimauma ku Balaka ndi ku Chikwawa. Ngakhale chiperoni chenichenicho ndi chinyezi chochokera kunyanja mbali ya Mozambique. Ndiye mvula yathu imaphikidwa kunja, ife timangopakulidwa. Timafunika anthu odziwa kuwerenga kutentha kwa nyanja ndi kuyendetsa mamodelo pakompyuta, osamangodikira kuti ena atiuze. Koma ndikuchenjezeni, mbali imeneyi ndi masamu ndi physics kwambiri, calculus, differential equations, ndi coding ya Python. Ngati masamu munkangowalambalala ku koleji yambani pano.

Chikumbe_Wamakani

Ine ndiye nditsutsako pang'ono, musakwiye. Zonse zanenedwazi nzoona koma sukulu iliyonse imafufuza za pakhomo pake kaye. A ku Oregon mutu wawo uli pa Cascadia, mng'alu uja uli kunyanja kwawo umene unagwedeza dziko pa 26 January 1700 mpaka mafunde kukafika ku Japan, komanso Axial Seamount, phiri lophulika la pansi pa madzi limene linaphulika mu 1998, 2011 ndi 2015, ena ali kalikiliki kusaka madzi oundana akale kwambiri ku Antarctica. Zabwino zedi, koma inu mukabwera ndi digiri ya ayezi wa ku Antarctica mudzatani nayo ku Capital Hill?

Ngati mtima wanu uli pa madzi athu, fufuzaninso Large Lakes Observatory ya ku University of Minnesota Duluth, amenewo agwirapo ntchito pa nyanja ya Malawi yeniyeniyo, ndipo mu 2005 asayansi anaboola pansi pa nyanja yathu nkutulutsa matope ofotokoza nyengo ya zaka zoposa miliyoni. Nyanja yathu ndi yakuya pafupifupi mamita 700 ndipo kupitirira mamita 200 ndi kanthu kulibe mpweya woti nsomba nkukhalako, ntchito ilipo yambiri pompano. Kungoti Duluth kumazizira koopsa, ndanena ine.

Wamiyala_Karonga

Achikumbe mwalankhula bwino koma pamenepo pa Cascadia ndikukanani. Zida zake ndi zomwezo. Woyeza zivomerezi ku Oregon akhoza kuyezanso kuno, ife tili mu Rift Valley, mwaiwala December 2009 ku Karonga? Ine ndinali Fomu 3, tinagona panja masabata angapo, usiku nthaka ikangoti gwedeze agalu onse kuyamba kuuwa, khoma la kukhitchini kwathu linang'ambika mpaka kumaona kunja. Ndi chivomerezi cha ku Salima 1989. Munthu wodziwa seismology, sayansi ya zivomerezi, kapena zogumuka kwa mapiri sangasowe chochita, Soche yomwe ija.

Achemwali langizo langa ndi loti musamayang'ane dzina la koleji, yang'anani pulofesa. Ku America masters ya sayansi kawirikawiri ndalama zimachokera kwa pulofesa amene ali ndi grant, amakutengani ngati research assistant kapena teaching assistant, fizi nkuchotsedwa, pamwezi nkumalandira kangachepe kolipira lendi ndi kudya. Ndiye tsegulani mndandanda wa aphunzitsi, sankhani atatu okha, werengani pepala limodzi la aliyense ngakhale musamve zonse, kenako lembani imelo yaifupi, ndine wakuti, ndinapanga zakuti, pepala lanu lakuti landipatsa funso ili. Osayamba ndi "I am a poor girl from Africa", amangodilita. Ine ndinalembera anthu 11, anayankha awiri, mmodzi anangoti ndilibe ndalama chaka chino. Yesaninso sikolashipu ya Fulbright kudzera ku embassy ya America ku Lilongwe, ndipo za mayeso a Chingerezi funsani msanga, amadula.

Nachisale_wa_Luchenza

Eeh zikomo nonse, sindimayembekezera mayankho ngati amenewa. Awazanyengo mwandigwira penipeni, calculus ndinakhoza mwamwayi, koma GIS ndi remote sensing, zojambula mamapu pakompyuta ndi zithunzi za satellite, ndiye kwathu, project yanga yomaliza inali yojambula malo amene anagumuka ku Mulanje pogwiritsa ntchito zithunzi za satellite, ndiye mwina ndiyang'ane mbali ya geography ndi zogumukazo. A Duluth ndawalembanso pa kope. Bambo ndawawerengera zija za Freddy madzulo ano, angoti hmm, kenako nkufunsa kuti nanga kumeneko ufa umapezeka? Amadala aku Portland tandiyankhireni limenelo.

Madala_aku_Portland

Umapezeka, m'mashopu a anthu a ku Mexico ndi a ku Africa, koma wa ku Mexico wina amauphika ndi laimu, nsima yake imamveka kafungo kena. Muwauze akupakireni woyera makilo angapo ndi usipa, kungoti pa eyapoti muziulula zonse zakudya zimene mwanyamula.