Mpiringidzo wa NGC 1365 ukukana kutuluka pa zithunzi zanga

Mngoni wa ku Rosettenville:
Moni nonse. Ndili ndi telesikopu ya mainchesi 8 ya mota, yomwe ndinagula kwa bambo wina wachikulire, ndi kamera ya Canon yakale ndithu. Loweruka usiku ndinaloza NGC 1365, mlalang'amba wa m'gulu la nyenyezi la Fornax, uja uli ndi mpiringidzo pakati, mikono iwiri n'kumachokera kunsonga zake. Ndinajambula zithunzi 20 za masekondi 30 kuseri kwa nyumba. Chatuluka ndi kadontho kotuwa basi, thambo lonse lofiirira ngati madzi a Shire m'dzinja. Mpiringidzo osaoneka olo pang'ono.

Zikundiwawa, abale. Kuwalako kwayenda zaka zoposa 50 miliyoni, kudzafika pakhomo panga ine n'kulephera kukugwira. Kwathu ku Ntcheu agogo ankatilozera Mlalang'amba tili pamphasa. Nditamva kuti wathuwunso uli ndi mpiringidzo, ndinafuna kuonetsa mwana wanga wina wofanana nawo. Ndikulakwitsa pati?

Nachisale (Kempton Park):
Achimwene, musataye mtima, kadonthoko ndi phata lake lenilenilo, ndiye mwaloza bwino. Koma zithunzi zanuzo mukaphatikiza ndi mphindi 10 zokha. Ndi magetsi a mu Joni muno pamafunika maola awiri kapena atatu. Jambulani zambiri, muziunjike pamodzi ndi pulogalamu ya pakompyuta ya Siril, ndi yaulere. Mukatha, vindikirani telesikopu mujambulenso zina 20 za mdima, masekondi omwewo, kamera isanazizire. Zimenezi zimachotsa timadontho ta kamerayo. Kufiirako Siril imachotsanso. Mpiringidzo umayamba kutuluka, mikono imachedwa chifukwa ndi yozilala.

Che Phiri wa ku Turffontein:
Mayi anena zoona. Ine ndingoti yambani ndi M83, mlalang'amba wina wa m'gulu la nyenyezi la Hydra. Nayonso ili ndi mpiringidzo, koma ili pafupi, kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 15 miliyoni. Lacaille, katswiri wa zakuthambo wa ku France, anaiona ali ku Cape mu 1752 ndi katelesikopu kakang'ono. Imakwera bwino madzulo a Meyi ndi Juni, thambo la kuno likauma. NGC 1365 imadutsa pamutu mu Novembala ndi Disembala, nthawi ya mabingu, ndiye usiku wabwino mumachita kusaka. Mwezi ukakhala kumdima pitani cha ku mapiri a Magaliesberg, kutali ndi magetsi a mu Joni. Funso langa: nyenyezi zanu zikutuluka zobulungira kapena ngati mpunga?

Mngoni wa ku Rosettenville:
Zikomo kwambiri nonse. Che Phiri, ndakulitsa chithunzi, ndi mpunga ndithu. Sigma Octantis, nyenyezi yolozera kumwera imene imathandiza kuti mota izitsatira bwino nyenyezi, sindinaione pamene ndinkaimika telesikopu, ndinangoyerekeza kumwera ndi kampasi ya pafoni. Ndiyamba ndakonza zimenezo sabata ino. Za Magaliesberg, galimoto ndilibe, koma ngati wina akupita mwezi ukalowa, petulo tigawana, tiyi ndi mandasi ndibweretsa ine.