Galimoto ija yafika, koma sipeya kulibe

Mwezi watha ndinafunsa ngati kuli bwino kunyamulitsa galimoto yanga yochokera ku Japan pa lole kuchokera ku Dar es Salaam kapena kupeza dalaivala woti ayiyendetse. Ndinasankha lole, ndipo yafika ku Blantyre Lachiwiri kudzera pa boda ya Songwe. Za msonkho wa MRA zinayenda bwinobwino.

Pomwe ndinapusa mpoti sindinauze wondithandiza kudoko kuti ayijambule zithunzi asanayikweze. Yafika galasi lakumanzere litasweka, jeke ndi tayala la sipeya kulibe. Akampani amene anayinyamula akuti inachoka choncho ku Japan. Ndiwatsutsa ndi chiyani? Papepala lomwe ndinasaina sipanalembedwe zomwe zinali m'galimotomo.

Achimwene amene munandiletsa kulipira ndalama zonse pasadakhale, zikomo kwambiri. Theka lomwe ndinagwira lija ndi lomwe likuwachititsa kuti aziyankhabe foni yanga.