Thandizeni: mbewu za milkweed sizikumera, nsabwe zachikasu nazo zandivuta

Moni abale anga, makamaka inu muli kuno ku Indiana, m'dziko la America, amene mumakonda zolimalima. Ndikupempha nzeru pa chomera chimene amachitcha milkweed, chija ukathyola tsamba chimatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Ndinachikonda nditamva kuti mbozi za agulugufe a monarch, aja amauluka mpaka ku Mexico kukayamba kuzizira, sizidya china koma masamba ake.

Chaka chatha ndinatola mbewu m'mbali mwa msewu makoko atasweka, zili ndi ubweya wake wosalala uja. Ndinazisunga m'kabati, n'kudzafesa mu Meyi. Sinamere ngakhale imodzi, mtima unandipweteka kwambiri. Amayi ena akuntchito akuti mbewuzi zimafuna ziyambe zakhala pozizira ndi ponyowa kwa masiku 30 kapena kuposerapo. Ndiye chaka chino nditani? Ndizikulunge m'kansalu konyowa n'kuika mufiriji, kapena ndingozifesa panja mu Novembala kuti zigone m'nthaka nyengo yonse yachisanu? Amene munayesapo, njira iti inakuyenderani?

Vuto lina ndi la chimodzi chimene ndinagula chomera kale. Kunsonga kwake kwadzaza nsabwe zachikasu, zothithikana mpaka masamba akumata m'manja. Mankhwala sindikufuna kupopera, chifukwa dzulo ndinapeza timazira tiwiri toyera kunsi kwa tsamba, timene ndikuganiza kuti ndi ta agulugufe aja. Kodi madzi a paipi angazichotse osagwetsa timazirato?

Komanso ndamva kuti mtundu wa milkweed wotchedwa Asclepias syriaca umayenda ndi mizu pansi n'kutulukira patali. Nyumba ino ndi yarendi, ndiye ndikuopa kuyambana ndi eni ake. M'chidebe chachikulu ungakule bwino?