Chingwe cha pampu ya mjigo chinakhapidwa pansi pa nthaka, ndichilumikize bwanji kuti madzi asalowe?

Wofunsa, wa ku Kuwadzana:
Makolo ndi abale nonse, ndabwera kudzapempha nzeru chifukwa mtima wanga suli m'malo. Pakhomo pamene ndimachita lendi pali mjigo umene mabanja atatu tinasonkherana n'kuikamo pampu yamagetsi, popeza madzi a m'mipopi kuno ku Harare amabwera mwa apo ndi apo. Chingwe cha magetsi chimachokera m'nyumba yaikulu n'kudutsa pansi pa nthaka mamita pafupifupi 30 kukafika pamjigopo. Mlamu wanga, amene anabwera kudzafuna ganyu koma mpaka lero akungodya kwanga osaponyapo kangachepe, analima kadimba ka repu kuseri kwa nyumba, ndipo khasu linakhapa chingwecho. Iye anapota mawaya, anakulunga tepi yakuda, anavekapo jumbo n'kukwiriranso osauza munthu. Pampu inkagwira ntchito bwinobwino mpaka mvula itayamba mu Novembala, koma tsopano mvula ikangogwa breaker, switchi yoteteza magetsi ija, imazima yokha ndipo nyumba yonse imakhala mumdima. Eni nyumba akuti mlandu ndi wanga ndipo awonjezera ndalama pa lendi, chonsecho denga la chipinda changa likudontha kuyambira chaka chatha ndipo sanalikonze. Mayi a banja linalo anasiya kundipatsa moni. Kodi pali njira yolumikizira chingwechi kuti madzi asalowenso, popanda kugula chatsopano chonse?

aBanda, a ku Mufakose:
Achimwene, musanachite china chilichonse kazimitseni breaker ya pampuyo lero lomwe, ndipo ana asapondenso pamalo pamene mlamu wanuyo anakwirira. Magetsi a m'nyumba kuno ndi a mavolti pafupifupi 230, ndipo nthaka yonyowa imawatenga n'kuwafikitsa kumapazi a munthu. Breaker imene mukuidandaulayo ndiyo ikukupulumutsani, ndipo ngati ili ya earth leakage ya 30 mA, mtundu umene umazima magetsi ochepa chabe akatayika, ikuzima chifukwa magetsi akuthawira m'dothi. Tepi yakuda si yokwirira pansi, ndipo jumbo imangosunga madzi pamalo omwewo amene simukuwafuna. Ntchito imeneyi imafuna resin joint kit basi, ndiyo kiti yolumikizira zingwe yokhala ndi mankhwala othira otchedwa resin amene amauma n'kutseka madzi, china chilichonse ndi kudzinamiza.

Mayi Nangozo, a ku Glen View:
Pepani mwana wanga, nkhani yanuyi yandikumbutsa zimene zinatigwera ife. Tinali ndi chingwe chopita kukhola la nkhuku chimene mnyamata wina anatilumikizira ndi tepi, ndipo tsiku lina m'mawa tinapeza galu wathu atauma pafupi ndi pamenepo, udzu uli chinyowere. Mdzukulu wanga ankasewera malo omwewo dzulo lake. Kuyambira pamenepo sindifunanso kumva za chingwe cholumikizidwa pansi, ndipo kunyumba kwanga zonse zimadutsa pakhoma pamene maso akuona.

aMwale, a ku Budiriro:
Ine ndikuona kuti mukulimbana ndi chinthu cholakwika. Ikani mapanelo a sola pafupi ndi mjigowo, mugule pampu yoyendera dzuwa, ndipo chingwe cha mamita 30 chija simudzachifunanso. Mabanja atatu akhoza kusonkherananso monga munachitira poyamba, komanso mudzatunga madzi ngakhale magetsi atazima tsiku lonse.

aBanda, a ku Mufakose:
aMwale, munthu akulephera kugula chingwe, inu mukumuuza kuti agule mapanelo ndi pampu yatsopano? Komanso pampu yasola nayo ili ndi chingwe chimene chimalumikizidwa n'kumira m'madzi, choncho luso lake ndi lomweli. Wofunsa, mvetserani. Kumbani ngalande yotakasuka mbali zonse za pamene panakhapidwa, ndipo mukatsimikiza ndi tesita kuti mulibe magetsi, dulani chingwe mobwerera m'mbuyo mpaka mutapeza mkuwa wowala. Madzi amayenda m'kati mwa chingwe kudutsa pakati pa timawaya, choncho mkuwa wakuda kapena wobiriwira usatsale ngakhale pang'ono. Mukadula chotero nsonga ziwirizo sizidzakumananso, ndiye mudzafunika chidutswa chatsopano cha saizi yomweyo ndi makiti awiri. Musakoke chingwe kuti chifikane, chifukwa dothi likamatitimira chidzaduka pamalo olumikizawo. Mawaya sapotedwa ndi manja. Aliyense amalowetsedwa m'kachubu ka mkuwa kotchedwa ferrule n'kufinyidwa ndi chofinyira chake, osati pulayala, mtundu ndi mtundu unzake, ndipo malo olumikizawo amasemphanitsidwa kuti asagundane. Khungu lakunja la chingwe mulipale ndi sandipepa n'kulipukuta kuti resin agwire. Kenako mumatseka zigamba ziwiri zapulasitiki za m'kitimo mozungulira malo olumikizawo, mumamata kumapeto ndi tepi yake, mumasakaniza mbali ziwiri za resin m'thumba lake lomwelo mpaka mtundu utafanana, ndipo mumathira pang'onopang'ono kuti mpweya utuluke. Musachigwedeze kapena kuchikwirira mpaka resin atauma monga pepala la malangizo likunenera.

aPhiri, a ku Dzivarasekwa:
Sindikutsutsa zimene aBanda afotokoza, koma kunena kuti resin yekha ndiye njira n'kupitirira malire. Heat shrink, chubu chapulasitiki chimene chimafinyika chikatenthedwa, ikakhala ndi guluu m'kati imagwira ntchito bwino kwambiri, ndipo ndi imene amisiri ambiri amalumikizira chingwe cha pampu chimene chimakhala m'madzi zaka ndi zaka. Chachikulu n'chakuti ikhale yokhuthala, waya aliyense akhale ndi chubu chake, pamwamba pake pabwere chachikulu chopitirira mbali zonse ziwiri, ndipo mutenthe kuyambira pakati kupita kumapeto mpaka guluu ataonekera m'mphepete. Chimene anthu amalakwitsa ndi kugula yopyapyala ya mawailesi, yopanda guluu.

aBanda, a ku Mufakose:
aPhiri, m'mjigo mulibe miyala yopanikiza chingwe, mulibenso khasu. Pansi pa dimba pamafunika chinthu cholimba, ndipo resin akauma amakhala gwa. Komanso munthu wosazolowera akapatsidwa moto amapsereza chubucho mbali imodzi n'kusiya mbali ina isanagwire. Ine ndafukula zambiri zotero ndipo m'kati mwake ndinapezamo matope.

aPhiri, a ku Dzivarasekwa:
Ndipo ine ndafukula za resin zimene sizinaume chifukwa kitiyo inali itadutsa tsiku lake, kapena anathira chingwe chili chonyowa. Resin ali ndi deti papaketi, ndipo wogula ayenera kuiwerenga asanapereke ndalama.

Gogo wa ku Highfield:
Ana inu mukukangana za mapulasitiki, koma m'masiku athu zingwe zapansi zinkalumikizidwa m'bokosi lachitsulo n'kuthiramo phula lotentha, ndipo zinkakhala zaka zambirimbiri. Vuto la lero ndi ulesi pokumba. Chingwe chimene khasu la repu lachipeza ndiye kuti chinaikidwa pamwambamwamba. Chimayenera kutsika theka la mita kapena kuposerapo, chigone pamchenga wosefa, chifundidwenso mchenga, pamwamba pake paikidwe njerwa ndi tepi yochenjeza, kuti wokumba akumane ndi njerwa asanakumane ndi moto. Mlamu wanuyo musamudzudzule yekha, amene anachikwirira poyamba nayenso ali ndi mlandu.

aChisale, a ku Epworth:
Chenjerani pogula chidutswa chatsopanocho. Ine ndinagulitsidwa chingwe chooneka ngati mkuwa, koma nditapala ndi mpeni m'kati munali moyera, kusonyeza kuti ndi aluminiyamu wongopakidwa pamwamba. Chinkatentha pampu ikangoyaka ndipo ndalama yanga inapita. Palani kaye kansonga wogulitsayo akuona.

Mayi Naphiri, a ku Mabvuku:
Abale, mwalankhula zambiri koma wofunsayo sanatiuze chinthu chimene nkhani yonse yatsamirapo. Kodi chingwecho n'chamtundu wanji? Ngati chili cha armoured, chokhala ndi mawaya achitsulo ozungulira pansi pa khungu lakuda, chikhoza kulumikizidwa, koma zitsulo za mbali ziwirizo ziyenera kulumikizidwanso ndi zomangira zake chifukwa nthawi zambiri ndizo zimanyamula earth, njira yoteteza imene imapititsa magetsi otayika m'nthaka. Ngati chili chaphwatalala chija choyenda m'makoma, kapena chofewa cha ekisitenshoni, sichinapangidwe kuti chikwiriridwe m'dothi, ndipo kiti iliyonse imene mungagule idzangotaya ndalama chifukwa chidzaboolanso pena. Komanso pasanathiridwe resin, katswiri wa zamagetsi ayeze chingwe chonse ndi megger, chipangizo choyezera ngati khungu la mawaya likutayitsa magetsi, pa mavolti 500, ndipo muyezo wake usatsike pansi pa megohm imodzi.

aBanda, a ku Mufakose:
Za megger ndikanazinena, amayi, kungoti aPhiri anandisokoneza ndi machubu awo. Ayezenso akamaliza, asanakwirire.

Wofunsa, wa ku Kuwadzana:
Zikomo kwambiri makolo anga, breaker ija ndazimitsa ndipo pamalopo ndatchingapo ndi malata. Tsopano vuto ndi lakuti mabanja onse tikutunga madzi kwa aneba, ndipo eni nyumba akuti sapereka kalikonse pa kiti, pomwe mjigowo udzatsala pakhomo pawo ife tikadzasamuka. Mlamu wanga naye wakwiya chifukwa repu wake azulidwa pokumba. Kodi kiti imodzi siingakwanire ngati nditakoka chingwecho pang'ono?

aBanda, a ku Mufakose:
Ndanena kale kuti musakoke, achimwene, ndipo sindisintha. Makiti ndi awiri.

Mayi Naphiri, a ku Mabvuku:
Mwana wanga, funso langa lija simunayankhe, ndipo popanda yankho lake palibe amene angakuuzeni kiti yoti mugule. Mawa kukacha fukulani pamalopo magetsi ali chizimire, muchotse jumbo ndi tepi, muone ngati pali mawaya achitsulo ozungulira, muwerenge mawaya a m'kati, ndipo mupukute khungu lakunja kuti muone manambala osonyeza saizi, kaya ndi 2.5 kapena 4 mm². Mujambule chithunzi mutitumizire pano musanapite kusitolo.