Funso: maso ayang'ane kuti pofotokoza malonda pamaso pa akuluakulu?

Abale ndi alongo, tikupempha nzeru. Tikukonzekeretsa achinyamata a m'magulu a alimi ku Angónia ndi Tsangano kuti akafotokoze malonda a mbatata ya kachewere kwa ogula a mumzinda wa Tete. Aliyense ali ndi mphindi 5.

Za kaimidwe sizivuta. Mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, ndipo papepala pakhale mitu yokha, chifukwa wowerenga mzere ndi mzere amawerama, mawu n'kuthera pansi. Akatchula mtengo wa thumba akhale chete masekondi 2 kapena 3. Wofulumira kuwonjezera mawu amaoneka ngati akudzikayikira, wogula n'kuyamba kunenerera.

Chatithetsa nzeru ndi maso. Kwathu kuno mwana woleredwa bwino sayang'anitsitsa wamkulu, amagwetsa nkhope, koma ogula ena amaziona ngati akubisa kanthu. Njira yoyang'ana munthu mmodzi mpaka chiganizo chithe, kenako wina, imatheka akamayeserera okhaokha. Pakangokhala bambo wa imvi kutsogolo, maso amabwereranso pansi. Kodi kuyang'ana pamphumi kumathandiza, kapena wogula amazindikira?

Palinso za womasulira. Mawu akamatembenuzidwa m'Chipwitikizi, wolankhula amatembenukira kwa womasulira, wogula n'kusiyidwa pambali. Womasulirayo aime pati? Nanga wolankhula achite nawo chiyani manja podikira? Kuwapinda pachifuwa kumaoneka mwano, kuwaika m'thumba ndiye koposa.

Amene munaphunzitsapo zotere, tiuzeni zoyeserera zimene zingatheke m'masabata 2.